Mame Mailo

Lero ndikhoza kuiseka nkhaniyi, chifukwa palibe anafa, ndipo amene anatsekeredwa wosalakwa akugona kunyumba kwake. Koma m'mawa umene Detekitivi Elizabeth Morton anandiimbira foni, kuseka kunali kutali nane.

Ine ndine Priscilla, kwathu ku Zomba, ndimakhala kuno kutsidya kwa nyanja, ku Falls Church. Ntchito yanga ndi yomasulira kupolisi ndi m'makhoti. Anthu a Chichewa ndi Chinyanja sitichuluka pa milandu kuno, tithokoze Mulungu, ndiye akandiitana mtima umayamba wagunda kaye, chifukwa kawirikawiri amakhala munthu amene ndimakhala naye benchi imodzi kutchalitchi.

Nditafika kupolisi ya ku Rockville, a Morton sanataye nthawi ndi moni. Ndi mayi wamtali, wa imvi zoyambirira, wolankhula Chingerezi chodukizadukiza ngati mawu amagula.

"Chitalu Mwansa mukumudziwa?"

"Amaimba besi mu kwaya yathu. Ndikuuziranitu, kuti mufune womasulira wina ngati zikuvuta."

"Wina ali ku Boston. Khalani pansi."

Anandifotokozera mwachidule. Kunja kwa tawuni kuli fakitale yaing'ono imene imatenga gasi wochokera ku zinyalala zowola kudzala, kumuyeretsa, n'kumugulitsa. Kuzizira kwa Novembala kutangoyamba, m'paipi ina munapangika madzi, madziwo anaundana n'kutseka njira, ndipo chotsekera chinaphulika. Wantchito wina anathyoka mkono, ali m'chipatala. Pepala la chitetezo limene fakitale inalandira linanena kuti gasiyo sangatulutse dontho la madzi mpaka kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, kuzizira kumene kuno sikufika ngakhale Januwale atakwiya bwanji. Nambala yabodzayo inachokera ku kakampani ka mainjiniya ku Fairfax, pa kompyuta imene inatsegulidwa ndi dzina la Chitalu.

"Iye akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Sakulankhula. Bwana wake ndiye walankhula, a Ernest Maziko."

A Maziko ndimawadziwanso. Mkulu wampingo, mwini kampaniyo, munthu amene Amalawi ndi Azambiya ambiri anawalandira pabwalo la ndege ali ndi jekete m'manja.

A Morton anandikankhira foni ya Chitalu. Panali mauthenga awiri a Lachitatu m'mawa, tsiku limene pepala linatumizidwa. A Maziko analemba kuti: "Mame bwanji?" Chitalu anayankha kuti: "Mailo amalume."

"Mame ndi dzina limene amatchulira nambalayo mu ofesi mwawo," anatero a Morton. "Mawu achiwiriwa foni yanga ikuti ndi mtunda, mamailosi, zomwe ndi zamisala. A Maziko akuti m'chilankhulo cha ku Lusaka amatanthauza dzulo. Ndiye kuti Mwansa ankanena kuti anawerengera kale dzulo lake, iwo n'kungotsegula kompyuta, kusindikiza, kutumiza. Ndikufuna womasulira wolumbira atsimikize. Mukasayina, mlandu ukupita kukhoti."

"Akapezeka wolakwa?"

"Ndende. Akatuluka, ndege ya kwawo."

Mkazi wa Chitalu, Tasila, anali ndi pakati potopa, ndipo onse awiri anali m'dziko muno pa chilolezo cha ntchito ya Chitalu. Ndinayang'ana mawuwo. Zoona, ndinkawamva amayi a ku Zambia akuti mailo akamanena za dzulo. Cholembera chinali m'manja kale. Koma ine ndili ndi khalidwe langa limene maloya amadana nalo: mawu a eni ake sindisayinira ndisanafunse eni ake.

"Ndipatseni mpaka masana," ndinatero.

A Morton anandiyang'ana ngati ndawapempha galimoto.

* * *

Tasila amakhala m'nyumba zosanja za ku Seven Corners, kuseri kwa masitolo a anthu a ku Vietnam. Ananditsegulira atavala chitenje ndi juzi ya mwamuna wake, maso ali psuu. Iye Chinyanja chake ndi cha ku Lusaka chenicheni, chothamanga, chosapempha chilolezo.

"Anti, sininagone olo pang'ono. Banamutenga mailo pamenso pa maneba bonse, monga kawalala. Manje loya akamba ati bazamupeleka ku khoti mailo. Nizachita bwanji ine na mimba iyi?"

Ndinali ndikuvula nsapato. Ndinaima ndi nsapato imodzi m'manja.

"Bwereza."

"Nati nizachita bwanji na mimba."

"Ayi, mwanawe. Anamutenga liti?"

"Mailo."

"Kukhoti apita liti?"

"Mailo." Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. "Anti, mailo ni mailo. Siku yamene ili pafupi na lelo, kumbuyo olo kusogolo. Mumvelela chabe ku mau yenangu."

Ndinakhala pa mpando ndisanauzidwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nawo, kuimba nawo, kukangana nawo za mpira, koma khutu langa la ku Zomba linkangotola theka la mawuwo. Uthenga wa Chitalu unalibe mawu ena oti munthu amvererepo. Ukanatha kutanthauza kuti ndachita kale dzulo. Ukanathanso kutanthauza kuti dikirani, ndichita mawa.

"Nanga bwanji mwamuna wakoyo sakuwauza apolisi?"

"Ba Maziko banamutumina foni apolisi bakalibe kubwela. Ati, mwana wanga, nkhala zii, nizakonza vonse. Mumuziba Chitalu. Bamene banamulandila pa eyapoti ya Dulles, banamupasa nchito, banatiimilila pa chikwati. Angabasushe pamenso pa bazungu? Angafe."

Apa mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ulemu wathuwu ndi wabwino, koma tsiku lina udzatipha.

"Kodi a Maziko, poti ndi a ku Blantyre, akudziwa kuti mawuwa ali ndi nkhope ziwiri?"

Tasila anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kowawa.

"Ba Edna, bakazi babo, ni ba ku Matero, mu Lusaka. Pa nyumba paja mailo bamadya na mu tiyi."

* * *

A Morton anamvetsera pa foni osandidula, kenako anati tikumane ku Fairfax.

Kakampaniko ndi zipinda ziwiri pamwamba pa dokotala wa mano. A Maziko anali atapita ku msonkhano. Tinapeza injiniya wachitatu, Tuntufye, mtsikana wa ku Karonga wa magalasi aakulu, amene amalankhula ngati basi ikumusiya. Ataona baji ya a Morton anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

"Ine fayiloyo sindinaigwire, anti, a Maziko anandiuza kuti ndisaigwire, ndiye sindinaigwire."

"Lero uigwira," ndinatero. "Apolisi abwera ndi kope lawo. Koma uyambe wandiuza zamamezi ngati ukuuza azakhali ako."

Anapuma, n'kuloza botolo la madzi limene linali pa tebulo lake, lochokera mu firiji.

"Mwaona lachita thukuta kunjaku? Madziwo sanatuluke m'botolo. Anali mu mpweya wa m'chipinda muno, osaoneka. Atakhudza pozizira, asanduka madontho. Gasi aliyense ali ndi kuzizira kwake kumene amayambira kutero. Azungu amati dyu poyinti, a Chitalu anangoti mame, tonse tinazolowera. Gasi mukamupanikiza kwambiri m'paipi, mame amabwera msanga. Ndiye pulogalamu iyi imayerekeza fakitale yonse pakompyuta. Mumaiuza zomwe zili mu gasi, kutentha kwake, mmene mwamupanikizira, iyo n'kukuuzani mame ayamba pati."

"Ndipo aliyense amalowa ndi dzina lake?" anafunsa a Morton.

"Ayi. Chilolezo cha pulogalamu tili nacho chimodzi, chili m'dzina la a Chitalu. Tonse atatu timalowera pomwepo."

A Morton analemba kanthu, nkhope osasintha. Tuntufye anatsegula fayilo. Panaoneka mabokosi ndi mizere ngati mapu a tawuni. Anadina bokosi limodzi, n'kuyamba kuwerenga ndi chala.

"Gasi woyaka alipo. Kaboni alipo. Naitirojeni alipo. Madzi..." Chala chinaima. "Madzi palibe."

"Ziro?"

"Ngakhale ziro palibe, anti. Sanawaikemo n'komwe. Aaa, ndamva tsopano. A ku labu amatumiza zotsatira kawiri. Zoyamba amayeza gasi atamuumitsa. Za chinyezi zimabwera pambuyo, ndipo zimenezo zinafika Lachinayi, ndinazilandira ndine. Lachitatu munthu sakanatha kuwerengera mame. A Chitalu ankadikira zimenezo."

"Nanga 40 pansi pa ziro inachokera kuti?"

"Kompyuta imayankha zomwe mwaifunsa. Mukaibisira madzi, imafunafuna china choti chisanduke madontho, n'kupeza kaboni. Kaboniyo ndiye amafuna kuzizira koopsa kotero. Nambalayo ndi yoona, koma ndi ya gasi amene kulibe."

Anatenga zotsatira za chinyezi, analemba pa mzere wa madzi, n'kudina. Nambala inalumpha kuchoka pansi penipeni kufika pamwamba pa ziro. Tuntufye anavula magalasi.

"Kuzizira kwa m'mawa wamba kukanakwana," anatero motsitsa mawu.

Ine za mainjiniya sindizidziwa, koma maso ndili nawo. Pakona pa bokosilo panali nambala ina.

"Iyi 95 ndi chiyani?"

"Kutentha kwa gasi polowa." Anavalanso magalasi, n'kuyandikira. "Dikirani. A Chitalu akanalemba 35. Ife amene tinaphunzira kwathu timawerenga madigiri achikwathu, a Selishasi. Iyi ndi miyeso ya kuno. A Chitalu amadana nayo, amati imawapweteketsa mutu, amasintha pomaliza penipeni, pa pepala lopita kwa kasitomala basi. Koma muno fayilo yonse yalembedwa mwa kuno."

"Bwanji palibe anaona?" anafunsa a Morton.

"Aliyense ankayang'ana yankho lokha. Ndipo 40 pansi pa ziro ndi malo okhawo amene miyeso iwiriyi imakumana. Mwa kwathu ndi 40, mwa kuno ndi 40. Simungadziwe dzanja."

"Ndani mu ofesi muno amawerenga mwa kuno?"

Tuntufye anangotembenukira ku khoma la chipinda chinacho, kumene kunapachikidwa digiri ya a Maziko ya ku Texas, mu felemu ya golide.

* * *

Pamasitepe a Morton anandigwira mkono.

"Sizikukwana. Loya wawo adzati Mwansa anasintha miyeso tsiku limenelo, ndipo a Maziko anamva molakwa mawu a chilankhulo chimene si chawo. Kumva molakwa si mlandu. Ndikufuna umboni woti akuwadziwa mawuwo mbali zonse ziwiri."

"Akazi awo akhoza kunena."

"Mkazi sitingamukakamize kuchitira umboni mwamuna wake."

Ndinaganiza pang'ono. Munthu akhoza kuphunzitsa pakamwa pake kunama, koma khutu limamva lisanafunse mwini wake.

"Aitaneni masana ano," ndinatero. "Muwauze kuti womasulira akufuna kutsimikiza mawu awo. Mukamaliza, musazimitse chojambulira mawu."

A Maziko anafika atavala chikhoti chakuda chofika m'mawondo, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo. Anandipatsa moni wa manja awiri.

"Mayi Priscilla, Mulungu ndi wabwino kuti ndinu. Nkhaniyi yandidula miyendo. Mwana uja ndinamutenga ngati wobala ndekha."

Anasankha kulankhula Chichewa, akuti kuti mtima unene bwino, ine ndizimasulira. A Morton anawakumbutsa kuti zonse zikujambulidwa mpaka atatuluka m'chipindamo, iwo anavomera ndi mutu. Chichewa chawo ndi cha paguwa, chokhala ndi mipumo.

"Lachitatu m'mawa ndinamufunsa mnyamatayo za mame. Anandiyankha kuti mailo. Ndinatsegula kompyuta, ndinapeza nambala ilipo, ndinasindikiza. Kulakwa kwanga ndi kukhulupirira, basi."

"Mailo ndi chiyani?" anafunsa a Morton.

"Dzulo."

"Alibe tanthauzo lina?"

"Limene ine ndikulidziwa, ayi. Ine ndine wa ku Blantyre, mayi. Chinyanja cha anzathuwa ndimangotolako apa ndi apo. Mailo ndi dzulo, ndipo sindinamvepo wina akuwagwiritsa ntchito mwina."

Ndinamasulira liwu ndi liwu. Munthu ameneyu Lamulungu lapitalo anatitsogolera pemphero la odwala.

A Morton anatseka fayilo, anathokoza, n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala. A Maziko anaimirira. Ndinaona mapewa awo akutsika, mpweya ukutuluka. Anavala chikhoti, anayamba kumanga mabatani, anafunsanso za mwana wanga wa ku koleji. Ndinawayankha bwinobwino, ndinapereka moni kwa mayi Edna. Atagwira chitseko, ndinalankhula ngati ndangokumbukira.

"Paja musanapite, a Maziko. Pali kusayina mawu anuwa akatayipidwa."

"Chabwino. Liti?"

"Mailo."

"Aa, mawa sizitheka, mayi. Mawa ndili ndi anthu a inshuwalansi tsiku lonse. Mwina Lachi..."

Dzanja linakhala pa chitseko. Sanatembenuke.

Ine ndinalumbira kumasulira chilichonse chonenedwa m'chipinda, ndiye ndinatembenukira kwa a Morton, n'kunena mu Chingerezi mosathamanga: afunsa kuti liti, ndayankha ndi liwu limodzi lija la mu uthenga, iwo ati mawa sizitheka.

"Khalani pansi, a Maziko," anatero a Morton.

Anakhala. Chikhoti chija chinaoneka chachikulu kuposa mwini wake. Anayang'ana kabokosi kojambulira mawu, kamene kanali kakuyakabe kofiira.

"Ndinali nditalonjeza eni fakitale kuti Lachitatu pepala lifika," anatero, mawu a paguwa atatha. "Ndinali nditawachedwetsa kale kawiri. Ndinati gasi uja amadutsa mu choumitsira, madzi angakhale angati? Ndinati zotsatira zikabwera tidzakonza mwakachetechete. Kenako ndinachita manyazi kumuuza mnyamatayo kuti ndatumiza kale. Kenako kunazizira."

"Ndiye munamuuza kuti akhale chete," ndinatero. Apa sindinali kumasulira, ndikuvomera.

"Ndimati ndipeza loya wabwino, zitha. Mayi Priscilla, ndinamulandira ndine mwanayo."

"Mpake anakukhulupirirani. Mumadziwa kuti sangakutsutseni, n'chifukwa chake munasankha iyeyo."

A Morton anandiyang'ana. Ndinamasuliranso zangazo, kuti chilungamo chikwane.

* * *

Chitalu anamutulutsa dzuwa lisanalowe. Anatuluka atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato m'kathumba ka pulasitiki, mnyamata wamtali wowerama ngati akupepesa denga. A Morton anamuuza kuti wovulala uja madokotala ati mkono ubwerera mwakale, ndipo mkazi wa wovulalayo wamubweretsera kale chakudya kuchipatala. Chitalu anatseka maso nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti zimenezi zinkamulemera kuposa ndende.

Ndinamutenga pa galimoto yanga, tinalowa mumsewu waukulu wa Beltway wopita ku mlatho, mmene magalimoto anali atathithikana monga mwa masiku onse. Ine ndinali ndisanathe naye.

"Iwe, liwu limodzi likanakupulumutsa. Ukanangoti mawa. Pakamwa unasiya kuti?"

"Ba Maziko ni bakulu, anti."

"Akulu akakuuza kuti ulowe m'ndende, ulowa?"

"Nenze ninaloba kudala," anatero, n'kumwetulira pang'ono. Kenako nkhope inagwa. "Bazabachita chani?"

Taonani munthu ameneyu. Watuluka kumene, akudera nkhawa amene anamuikamo. Ndinafuna kumukalipira, koma mtima wanga unali utapepuka kwambiri moti ukali sunapeze pogwira. Ndinangomuuza kuti zimenezo ndi za a Morton ndi Mulungu.

Kunja kunkazizira, m'katimu tinali awiri tikupuma, ndiye galasi lakutsogolo linayamba kuchita nthunzi. Ndinkafufuza batani lake. Chitalu anatambasula dzanja, anapukuta ndi mkono wa malaya, n'kuyang'ana kunyowa kwa nsaluyo.

"Mame," anatero.

Tinaseka tonse awiri mpaka wa galimoto yakumbuyo anatiimbira hutala. Ine misozi inatuluka, ndipo sindinaibise.

Foni inalira. Anali Tasila. A Morton anali atandipempha kuti ndisamuuze kanthu mpaka mapepala onse atatha, ndiye chiyambire m'mawa anali asanamve chilichonse. Ndinaika foni poti tonse timve, n'kumukodola Chitalu kuti akhale chete. Zimenezo amazitha.

"Anti, mwankhala zii siku yonse. Niuzeni chabe chilungamo, nizalimba."

"Mlandu watha, mwanawe. Amumasula."

Kunamveka ngati wakhala pansi mwadzidzidzi. Anapuma kawiri, katatu. Mawu atabwerera anali aang'ono, a munthu woopa kupempha zambiri.

"Azabwela liti? Mailo?"

"Mawu amenewo sindikufuna kuwamvanso chaka chino," ndinatero. "Lero, Tasila. Tereka madzi a tiyi, tili pa mlatho."